Khosi la njinga yanga ndi zida za eni ake

Njinga yanga inayamba kuvuta m'mwezi wa Juni, nthawi imene chiperoni chimaphimba phiri la Mulanje kwa masiku angapo, munthu osaliona ngakhale ali patsinde pake. Vuto lake silinali laphokoso, ndipo munthu woiona itatsamira pakhoma sakanadziwa kuti ili ndi chilema. Handulo ikalunjika kutsogolo inkakakamira pomwepo ngati yagwera m'kadzenje, ndipo kuti ndikhote ndinkayenera kuikankha ndi mphamvu, kenako inkamasuka mwadzidzidzi n'kukhota mopitirira pamene ndimafuna. Ndikakhala wopanda katundu ndinkangopirira. Koma tsiku lina ndikuchokera ku Limbuli ndi thumba la chimanga pakaliyala, ndinafuna kupatukira minibasi pamsewu wa M2, handulo inakana, kenako inavomera mochedwa, ndipo ndinakapezeka ndili m'ngalande m'mphepete mwa munda wa tiyi, thumba lili pamwendo panga. Amayi amene ankathyola tiyi chapafupi anandipepesa, koma ndinawamva akuseka nditangonyamuka, ndipo sindinawaimbe mlandu.

Chigawo chimene chinaonongekacho m'mabuku a zanjinga chimatchedwa headset, koma ine ndizichitchula kuti khosi, popeza ndi pamene mutu wa njinga umatembenukira. Kutsogolo kwa felemu kuli kampope kakafupi kamene mtengo wa foloko, paipi yowongoka ya kumtunda kwa foloko, umadutsamo. M'kampope kameneka amakhomeramo makapu awiri achitsulo, ina pansi ina pamwamba, ndipo patsinde pa mtengo wa foloko amakhomerapo kamphete kolimba. Pamwamba pamabwera kapu ya mazinga yomangira, washala wokhala ndi kadzino, ndi nati yotsekera. Pakati pa zonsezi pamayenda timabolo tachitsulo tosambira m'girisi. Kulemera kwa wokwera, ndi kugunda konse kwa tayala lakutsogolo m'maenje, kumathera pa timabolo ta pansi, ndipo ndi pomwenso madzi ndi matope ochokera kutayala amafikira ngati njinga ilibe madigadi. Kuno kwathu mvula imagwa yambiri kuposa madera ochuluka a dziko lino, ndipo dothi lathu lofiira likalowa m'girisi limasanduka chopalira. Girisi akatha, timabolo timakhala tikunjenjemera pamalo amodzimodzi nthawi yonse imene munthu akuyenda molunjika, mpaka kabolo kalikonse kamadzikumbira kadzenje kake. Nditamasula khosilo ndinatiwerenga timaenjeto ndi chikhadabo, titandandalika mozungulira kamphete ngati mapando a chimanga.

Wina angafunse chifukwa chimene sindinangopita nayo kwa okonza njinga, amene sasowa pa Chitakale, pa Limbuli ndi pamsika uliwonse pamene pali akabaza. Anthu amenewa ndimawalemekeza, ndipo ambiri mwa iwo amakhomera makapu ndi hamala ndi kathabwa mwaluso loti makina sangawapose. Koma dzanja lawo linazolowera njinga zakuda zochokera ku India ndi ku China, zimene chitsulo chake n'chochindikala ndipo chimakhululuka. Yanga ndi yakaunjika yochokera ku Japan, ya mapaipi opyapyala, ndipo ndinali nditaonapo ina yotere imene kampope kake kakutsogolo kanayasamula chifukwa kapu inalowa mopendekeka n'kukakamizidwa. Felemu ikatero kapu siigwiranso, imangogwedera mpaka kalekale. Chifukwa china, chimene sindichinyadira kwenikweni, n'chakuti ndine munthu wa liuma, ndipo ndinali nditauza kale mkazi wanga kuti ntchito imeneyi ndi ya masana amodzi.

Kuchotsa zakale kunalidi kosavuta. Ndinamasula bawuti ya handulo, ndinaigogoda pamutu kuti kachitsulo kogwira m'kati katsike, ndipo handulo inatuluka. Makapu ndinawachotsa ndi chidutswa cha chitsulo chomangira nyumba, cholowetsa m'kampope kuchokera mbali ina n'kuchitsamiritsa pamlomo wa kapu, ndikugogoda pang'ono uku, pang'ono uko, mozungulira, kuti kapu ituluke molunjika. Kamphete ka pafoloko kanachoka ndi sikuludiraiva yakutha, kugogoda kutsogolo ndi kumbuyo mosinthasintha.

Kulakwa kwanga kunachitikira m'sitolo. Ndinanyamula foloko, wogulitsa anatulutsa kapaketi, tinayesa nati pamazinga a foloko ndipo inalowa bwinobwino mpaka pansi. Tonse awiri tinakhutira, ndinalipira n'kubwerera. Nditafika kunyumba kamphete katsopano kanatsika pamtengo wa foloko n'kukaima pamwamba pa malo ake, ndipo ine, podziwa kuti kamayenera kulowa mothina, ndinayamba kukagogoda. Kanakana. Ndinawonjezera mphamvu, kanakanabe, ndipo pa nkhonya yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi kanangoti thee, n'kugawikana pawiri. Chitsulo cha timphete timeneti n'chowumitsidwa kuti timabolo tisachidye msanga, choncho sichipindika kapena kutambasuka, chimangosweka ngati mbale yadothi. Ndinakhala pansi pakhonde ndi zidutswa ziwirizo m'manja, mkazi wanga akusankha nandolo chapatali osanena kanthu, ndipo kukhala chete kwakeko kunandipweteka kuposa mawu.

Ndi iye amene anatchula atsibweni ake madzulo a tsikulo. Ine ndili pachikamwini m'mudzi wa kwawo kufupi ndi Chisitu, ndipo amene anakhalapo mkamwini akudziwa kuti kubwereka chinthu kwa mwini mbumba si nkhani yongodutsa. Ukabwereka kawirikawiri amati mkamwini uyu alibe ngakhale nkhwangwa, ndipo ukapanda kubwereka konse amati ndi wodzimva. Mkuluyu anagwira ntchito zaka zambiri m'shopu yokonzera makina pafakitale ina ya tiyi, ndipo atapuma anabwera ndi bokosi lachitsulo limene ana a pamudzi amaliopa kuposa galu. Ndinapita m'mawa, ndinaodira, ndinakhala pansi chapatali, ndipo titatha malonje ndinatulutsa zidutswa zija. Anaziyang'ana nthawi yaitali, anazilumikiza, kenako anafunsa kuti, "Akamwini, musanamenye munayeza?" Ndinayankha kuti tinayesa nati ndipo inalowa. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Kuyesa ndi kwina, kuyeza ndi kwina." Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi veniya, chida choyezera kukula kwa zitsulo mpaka tizigawo ta milimita, yokulungidwa m'kansalu ka mafuta, ndipo nditatambasula manja kuti ndilandire anaibweza pachifuwa pawo. "Sipanala tengani, hamala tengani, koma ichi sichituluka pakhomo pano. Kabweretseni foloko ndi makapu onse, akale ndi atsopano."

Zimene veniya inaonetsa m'mawa umenewo ndizo zinandichititsa kulemba nkhani ino. Pa njinga za khosi la inchi imodzi, mtengo wa foloko umakhala wa mamilimita 25.4, ndipo mazinga ake amakhala 24 pa inchi iliyonse. Mpaka apa njinga zambiri zimafanana, n'chifukwa chake nati ija inatinyenga. Koma makapu ndi kamphete zili ndi miyezo iwiri yosiyana. Pa muyezo wa ku Japan, wotchedwa JIS, kapu imakhala ya mamilimita 30.0 kunja kwake ndipo kamphete kamakhala ka mamilimita 27.0 m'kati mwake. Pa muyezo wa mayiko ambiri, wotchedwa ISO, kapu ndi ya 30.2 ndipo kamphete ndi ka 26.4. Njinga yanga ndi ya JIS, ndipo ine ndinagula za ISO. Ndiye kuti ndinkakakamiza kamphete kochepa ndi mamilimita 0.6 pamalo pamene kuthina koyenera kumangokhala pafupifupi 0.1. Kusweka kwa kamphete kunandipulumutsa, chifukwa kakanapanda kutero ndikanapitiriza n'kukhomera makapu onenepa ndi 0.2 m'felemu yopyapyala ija. Mamilimita 0.2 ndi kuchindikala kwa mapepala awiri a m'kope la kusukulu, ndipo palibe diso limene lingaone kusiyana kotere pa makapu awiri oikidwa pachikhatho. Atsibweni anawonjezera kuti njinga zakale za Raleigh zopangidwa ku Nottingham ku England zinali ndi mazinga akeake, 26 pa inchi, kotero kuti nati ya njinga zina imayamba kulowa kenako n'kuluma, ndipo osadziwa amaikakamiza mpaka kupha mazinga a foloko.

Funso linali lakuti ndikasankha bwanji zoyenera m'sitolo popanda veniya. Apa mkuluyu anachita chinthu chimene ndinachikonda kuposa zonse za m'nkhaniyi. Anatenga kachitsulo kophwatalala, anadula mpata pakamwa pake, ndipo anaupala ndi fayilo pang'onopang'ono, akuyeza ndi veniya pakapita kanthawi, mpaka mpatawo unafika pa mamilimita 30.1. Kapu ya 30.0 inkalowa mumpatamo, ya 30.2 inkakana. Mbali ina ya kachitsuloko anaipala mpaka m'lifupi mwake munatsala mamilimita 26.7, kuti izilowa m'kamphete ka 27.0 koma izikana m'ka 26.4. Anati kufakitale ankapanga timiyezo totere pa ntchito zobwerezabwereza kuti anyamata asamagwiregwire veniya ndi manja a girisi. Ndinakaika m'thumba la malaya n'kuyamba kuyenda m'masitolo, ndipo ogulitsa ena ankandiyang'ana ngati wobwera kudzawayesa mayeso. Kumene ndinagula poyamba anakana kundisinthira, ndipo anali ndi chifukwa chomveka popeza katunduyo ndinali nditamuswa ndekha. Zoyenera ndinakazipeza ku Luchenza patapita masiku anayi.

Tsopano panatsala kukhomera makapu m'felemu. Chida chenicheni cha ntchito imeneyi, chimene mashopu akuluakulu a njinga amakhala nacho, si china koma bawuti yaitali yokhala ndi zogwirira, imene imafinya kapu kuti ilowe pang'onopang'ono. Ukachimvetsa motero, umaona kuti zipangizo zake zili ponseponse. Kwa kalipentala wa pamudzi woyandikana nafe ndinabwereka chitsulo cha mazinga okhaokha cha mamilimita 12, cha mtundu umene amamangira mitanda ya denga, pamodzi ndi manati awiri ndi mawashala. Mawashalawo anali ang'onoang'ono moti akanagwera m'kapu, choncho kalipentala yemweyo anandidulira timatabwa tiwiri ta bulugamu wouma n'kutiboola pakati. Thabwa lili ndi ubwino wakuti limagwira mlomo wonse wa kapu mofanana ndipo silikanda njira imene timabolo timayendamo.

Poyamba ndinafuna kulowetsa makapu onse awiri nthawi imodzi, ndipo onse anapendekeka, ina kumanja ina kumanzere, chifukwa chitsulo cha mamilimita 12 m'kampope ka mamilimita 30 chimakhala ndi malo ambiri osewerera. Ndinamasula, ndinawagogoda kuti atuluke asanalowe kwambiri, ndipo ndinayambanso ndi kapu ya pansi yokha, thabwa linalo litagona pamlomo wa felemu kumtunda. Ndinapaka girisi kunja kwa kapu ndi m'kati mwa kampope, ndinakulunga chigamba pachitsulo chija kuti chikhale pakati, ndipo ndinkazunguza nati theka lokha n'kuima, kugwada pansi, kuyang'ana mozungulira ngati mpata wotsala uli wofanana mbali zonse. Pamene mbali imodzi inatsalira, ndinamasula pang'ono n'kusunthira chitsulo chakumbali yotsalirayo kuti mphamvu ipite kumeneko. Mamilimita awiri kapena atatu oyambirira ndiwo ali ndi ntchito yonse, chifukwa kapu ikangoyamba molunjika imadzitsogolera yokha, ndipo dzanja limamva nati ikulemera mofanana mpaka pamene imaima nji. Pofuna kutsimikiza kuti yafika, ndinayesa kulowetsa kapepala pakati pa mlomo wa kapu ndi felemu mbali zonse, ndipo sikanalowe paliponse. Ya pamwamba inalowa mosavuta chifukwa ya pansi inali ikuthandiza kale kuwongola.

Maganizo anga pa hamala anasintha pa tsiku limeneli. Kale ndinkaganiza kuti hamala ndiyo mdani wa khosi la njinga, koma mdani weniweni ndi kupendekeka, ndipo bawuti yaitali imangopambana chifukwa imapatsa munthu wosazolowera mpata woona kulakwa kwake kusanakule. Wokonza njinga wa zaka makumi awiri pantchito amamva kupendekeka m'kulira kwa chitsulo, pamene ine ndiyenera kukuona ndi maso nditagwada.

Kamphete ka pafoloko sikangafinyidwe ndi bawuti, kamafuna kumenyedwa ndithu, koma kumenyedwa mozungulira monse nthawi imodzi. Chida chake ndi paipi imene ingavale mtengo wa foloko n'kukatsamira pakamphete. Kuno ku Mulanje zidutswa za mapaipi apulasitiki sizisowa, popeza midzi yambiri yakhala ikumwa madzi oyenda okha kuchokera m'mitsinje ya m'phiri kuyambira zaka za m'ma 1970, ndipo pamene pakonzedwa mpope pamatsala kachidutswa. Paipi ya mamilimita 32 inakwana bwino, chifukwa m'kati mwake ndi motakasuka pang'ono kuposa malo a kamphete. Ndinaidula kuti italike kuposa mtengo wa foloko, ndipo ndinapala kumapeto kwake pasimenti kuti kukhale kowongoka. Atsibweni anali atandichenjeza kuti ndisaimike foloko pansi n'kumamenya kuchokera pamwamba, chifukwa mphamvu yonse ikanathera kumapazi a foloko kumene kumakhala tayala, n'kuwapinda. M'malo mwake ndinavalika kamphete ndi paipi, ndinatembenuza foloko miyendo kumwamba, ndinagwira miyendoyo ndi manja awiri, ndipo ndinamenyetsa paipi pachitsa ngati mayi wosinja. Kachitatu kulira kunasintha, kuchoka pa phokoso lagwedegwede kufika pa liwu limodzi lolimba, ndipo kamphete kanali katakhala.

Timabolo ta m'khosi ndi ta 5/32 ya inchi, pafupifupi mamilimita anayi, ndipo n'tating'ono kuposa ta m'habu yakutsogolo, timene nthawi zambiri timakhala ta 3/16, kapena ta m'habu yakumbuyo ta kota ya inchi. Ta m'paketi tinabwera titamangidwa m'kakhola kachitsulo, koma pansi ndinachotsa kakholako n'kuika timabolo tokhatokha, chifukwa popanda kakhola timalowa tambiri ndipo katundu amagawikana pa mitu yochuluka. Lamulo lake n'lakuti udzaze mzere wonse kenako uchotsepo kamodzi, kuti totsalato tikhale ndi malo oyendera. Ndinatembenuza felemu, ndinadzaza girisi m'kapu, ndipo ndinatibzala kamodzikamodzi, mwana wanga wamng'ono atagwira lichero pansi pake kuti kogwa kasasowe m'fumbi. Pamwamba pa kapu ya pansi ndinavalikapo kachidutswa ka chubu chakale ngati kolala, kotchinga madzi ochokera kutayala.

Kumanga khosi kumafuna masipanala awiri, ina yogwira kapu ya mazinga kuti isasunthe, ina yomangira nati yotsekera. Shifitingi ya atsibweni inakwana panati, koma pakapu pamafunika sipanala yopyapyala ya mamilimita 32, ndipo bobojani imene ambiri amathamangira imatafuna makona n'kusiya mabala. Mkuluyu anatulutsa m'bokosi muja chinthu chimene poyamba sindinachizindikire. Linali khasu lakutha, lodulidwa mpata wa mamilimita 32 pakamwa pake, msomali wake wolowa mumpini utasanduka chogwirira. Anati analipanga kalekale pokonza njinga yawo yopitira kuntchito. Ndi zida ziwirizo ndinamanga ndi kumasula kanayi konse, chifukwa nati yotsekera ikamangidwa imakankha kapu pang'ono ndipo chimene chinali bwino chimathina. Poyesa ndinkagwira buleki yakutsogolo n'kukankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo, chala chili pamlomo wa kapu kuti chimve kugogoda, kenako ndinkanyamula tayala lakutsogolo kuti ndione ngati handulo ikugwa yokha kumbali popanda kukakamira.

Akuluakulu anati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, ndipo kwa ine mwambiwu unakwanira pa chitsulo cha kalipentala. Makapu ndinawapaka girisi, koma mazinga a chitsulocho ndinaiwala, ndipo nati youma inadya mazinga pamalo otalika ngati chala. Ndinaganizapo zongobweza mwakachetechete natiyo itaphimba balalo, koma pamudzi palibe chobisika, ndipo munthuyo ndidzamufunanso. Ndinapita n'kumuonetsa. Anachitembenuza, anati adula mbali yoonongekayo ndipo yotsalayo ikwanabe ntchito ina, kenako anayang'ana njinga yanga n'kunena kuti, "Achimwene, poti yachira, Loweruka ndidzaibwereka ndikatengere matabwa ku Nkando." Ndinavomera ndikumwetulira, mumtima ndikuwerenga kulemera kwa matabwawo pa timabolo tanga tatsopano.

Zida za atsibweni ndinazitsuka ndi parafini, ndinazipukuta, ndipo mkazi wanga anawonjezerapo zinanazi ziwiri ndi kapaketi ka shuga, chifukwa mbale yobwereka siibwerera yopanda kanthu. Mkuluyu anawerenga zida zake chimodzichimodzi asanayang'ane n'komwe shugayo. Kenako anaimirira, anagwira buleki, anakankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo maso ali chotseka, ananyamula tayala n'kuisiya handulo kuti igwe yokha. Anapempha khasu lija ndi shifitingi, anamasula nati, anabweza kapu pang'ono kwambiri moti sindinaone ngati yasuntha, n'kumanganso. Anati pakatha milungu iwiri ndidzabwere nayo, chifukwa zatsopano zimakhazikika ndipo khosi limayamba kugogoda. Kachitsulo koyezera kaja anati ndisunge, koma anandiuza kuti makapu akale ndiwasiye, chifukwa kapu yakutha ikagonekedwa pa yatsopano imathandiza kuikhomera popanda kuipweteka. Anawaponya m'bokosi muja pamodzi ndi zidutswa ziwiri za kamphete kosweka, ndipo nditafunsa ntchito ya zoswekazo anati akufuna adzazionetse mkamwini wa mng'ono wa mkazi wanga, amenenso wagula njinga yakaunjika mwezi wathawu.